Mgolo wa Pangodya

Pamene ndinali mwana, mawu akuti vinyo ndinkangowamva m'tchalitchi, ndipo ndinkayesa kuti vinyo yense ndi wofiira ngati magazi. Sindinadziwe kuti kuli vinyo wina amene amamutcha woyera, ngakhale kuti maonekedwe ake sali oyera ngati mkaka kapena ufa, koma ofanana ndi udzu wouma wa mwezi wa Ogasiti dzuwa likauwalira. Ndinadzamudziwa vinyo ameneyu nditakula kale, pamene ndinapita ku South Africa kukafuna ntchito monga achitira anyamata ambiri a kwathu, ndi kulembedwa pa munda waung'ono wa mphesa m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kumtunda kwa tawuni ya Hermanus. Dzina la chigwacho litanthauza kuti Kumwamba ndi Dziko Lapansi. Ndinakhala kumeneko kuyambira 2014 kufikira 2018, ndipo zimene ndifuna kukusimbirani, inu owerenga, ndi za mphesa ya mtundu umodzi, dzina lake Chardonnay, ndi za mgolo umodzi wa vinyo umene ndinauwononga ine ndemwe.

Kwawo kwenikweni kwa mphesa imeneyi ndi ku Burgundy, m'dziko la France, kumene kuli ngakhale kamudzi kotchedwa Chardonnay, pafupi ndi Mâcon. M'chaka cha 1999 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis, pamodzi ndi anzawo a ku France, anaunika chibadwa chake napeza kuti makolo ake ndi awiri: Pinot, mphesa yolemekezeka, ndi Gouais blanc, mphesa imene inkanyozedwa kuti ndi ya anthu wamba. Nkhani imeneyi imandikondweretsa, pakuti ngakhale kwathu timaona ana otchuka amene mayi wawo satchulidwa pabwalo. Lero Chardonnay alimidwa pafupifupi m'dziko lililonse lolima mphesa. Mbiri yake inakula koposa m'chaka cha 1976, pamene pa mpikisano wolawa vinyo ku Paris, akatswiri a Chifalansa, osaona dzina pa botolo, anasankha Chardonnay wa Chateau Montelena wa ku California kukhala woyamba, kupambana vinyo wa kwawo komwe.

Tsono chodabwitsa ndi ichi, kuti mphesa yotchuka chotere ilibe fungo lakelake lamphamvu. Ku Cape kuli mphesa ina yotchedwa hanepoot, imene mungaizindikire ndi mphuno muli patali. Chardonnay sali wotero ayi. Iye amatenga kukoma kwake ku dothi, ku nyengo, ndi ku manja a munthu amene wamukonza. Ku Chablis, kumpoto kwa Burgundy, kumene kumazizira kwambiri ndipo dothi lake ndi la laimu lodzala ndi tizigoba ta nkhono za m'nyanja yakalekale, vinyo wake amatuluka wowawasa ngati ndimu, wopepuka pakamwa. Ku Meursault, kumwera pang'ono, amatuluka wonona, wa fungo la mtedza wokazinga. M'maiko otentha amanunkhira ngati nanazi kapena pichesi wakupsa. Ine ndimamufanizira ndi nsima ya ufa woyera. Ndiwo za nyama zingabise wophika wosadziwa, pakuti mchere ndi anyezi zimamuthandiza. Koma nsima ilibe pobisala. Ikakhala yosapsa, ya mibulu, kapena yonunkha utsi, aliyense wa pa mphasapo adziwa pa mbamu yoyamba, ndipo adziwanso amene anagwira mthiko.

Ku South Africa vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, koma Chardonnay ndi mlendo wa dzulodzulo. M'zaka za m'ma 1970 malamulo olowetsera mbewu m'dzikomo anali ovuta ndi ochedwetsa, kotero kuti alimi ena anayamba kulowetsa timitengo ta mpesa mobisa kuchokera ku Ulaya. Pambuyo pake kunadziwika kuti tina mwa timitengoto sitinali Chardonnay konse, koma mphesa ina yofanana naye masamba yotchedwa Auxerrois, ndipo mu 1986 boma linakhazika bungwe lofufuza nkhaniyo. Mwa amene anatsogolera kulima Chardonnay m'dzikomo atchulidwa kawirikawiri Danie de Wet wa ku Robertson, ndi Tim Hamilton Russell, amene anagula malo m'chigwa chathu chija mu 1975, poona kuti mphepo yozizira yochokera kunyanja idzachititsa mphesa kupsa pang'onopang'ono.

Munda umene ndinkagwirako ine unali waung'ono ndithu pouyerekeza ndi ya anthu amenewa. Mwini wake anali mayi wachikulire, wamasiye, amene ankayendetsa yekha thirakitala ndi kulemba yekha mabuku a ndalama. Antchito okhazikika tinalipo anayi. Chardonnay anali pa malo opitirira pang'ono hekitala imodzi, pa chitunda cha dothi la makande losakanikirana ndi timiyala, ndipo chaka chabwino ankatipatsa migolo 14. Muwerenge bwino chiwerengero chimenechi, pakuti nkhani yanga yagona pomwepo. Makampani aakulu ali ndi matanki a malita zikwizikwi, ndipo vinyo wina akalakwika amamuthira mwa wina, cholakwacho n'kumira osaonekanso. Mlimi wamng'ono alibe nyanja yomiziramo zolakwa zake.

Ntchito ya m'munda ndingoidutsa msanga. Tinkadulira mipesa mu Julayi ndi Ogasiti, m'mvula yozizira ya kumeneko. Chardonnay amaphuka msanga kuposa mphesa zambiri, ndipo n'chifukwa chake alimi a ku Chablis amaopa chisanu, monga mu Epulo 2021 pamene anayatsa miuni usiku wonse pakati pa mizere kuti mphukira zisafe. Ife adani athu anali chuku cha pa masamba, mphepo yothothola maluwa, mbalame, ndi anyani otsika m'phiri, amene amadziwa tsiku lakupsa mphesa kuposa mlimi. Kukolola kunali mu Febuluwale. Mayi aja ankayeza shuga wa m'madzi a mphesa ndi kachipangizo kagalasi, ndipo akafika pa 22 kapena 23 pa muyeso wa Balling ankayamba kusowa tulo. Koma sankakhulupirira galasi lokha, ankatafunanso mphesa ndi njere zomwe. Mukafulumira kuthyola, vinyo akhala wowawasa wopanda thupi. Mukachedwa masiku atatu otentha, akhala wolemera ndi waukali, wopanda moyo. Tinkayamba kuthyola kusanache, matsango akali ozizira, ndi kuwaika m'mabokosi ang'onoang'ono kuti asaphwanyike.

Koma mtima wanga unali m'nyumba ya migolo, ndipo pano ndiima pang'ono. Vinyo woyera asiyana ndi wofiira pa chinthu ichi, kuti madzi amalekanitsidwa ndi makoko nthawi yomweyo. Tinkafinya matsango athunthu pang'onopang'ono, madziwo n'kugona usiku umodzi m'tanki yozizira kuti zinyalala zikhale pansi, ndipo m'mawa mwake n'kuwathira m'migolo ya matabwa a oki yochokera ku France, uliwonse wa malita 228, ndiwo muyeso wa ku Burgundy. Mgolo watsopano ndi wokwera mtengo kwambiri, ndiponso umapatsa vinyo fungo lamphamvu la thabwa lowauka ndi la vanila. Chotero mwa migolo 14 ija, itatu yokha ndiyo inali yatsopano. Mayi aja ankati vinyo wonunkhira thabwa lokhalokha ndi ntchito ya kalipentala. M'migolomo madzi aja ankawira masabata awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira, kufikira yisiti itasandutsa shuga yense kukhala ukali. Amene anaonapo mowa wa masese ukuwira m'mbiya adziwa phokoso lake. Mukaika khutu pa mgolo mumamva ngati mvula ya patali.

Kuwirako kukatha, yisiti yakufa imatsikira pansi ndi kukhala nsenga. Wofulula wa kwathu akanaitaya, koma wokonza Chardonnay amaisunga, ndipo nthawi ndi nthawi amaivundula ndi ndodo yachitsulo yopindika, pakuti nsengayo ndiyo imapatsa vinyo thupi ndi kumuteteza ku mpweya. Pambuyo pake pamabwera kuwira kwachiwiri, kwakachetechete, kumene tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa kuwawasa kwakuthwa, konga kwa maapozi osapsa, kukhala kuwawasa kofewa konga kwa chambiko. Fungo la batala limene anthu amalitchula pa Chardonnay limachokera pamenepa. Palibe amene amathiramo batala, monga ndinkaganizira masiku anga oyamba.

Tsono thabwa limapuma. Vinyo amachepa pang'onopang'ono m'mgolo, ndipo pamwamba pamatsala mpata wa mpweya. Mpweya umenewo ndiwo mdani wamkulu wa vinyo woyera: umamudetsa, umachotsa fungo la zipatso, ndipo umapatsa malo tizilombo tosandutsa vinyo kukhala wosasa. Chifukwa chake sabata iliyonse munthu ayenera kutsegula mgolo uliwonse, kuununkhiza, kuudzaza kufikira pakamwa, ndi kukhomeranso chitsekero. Ntchito imeneyi inapatsidwa kwa ine m'chaka cha 2016. Ndikatha mgolo ndinkalemba tsiku ndi choko pa thabwa lake.

Amene anandiphunzitsa anali mkulu wina wobadwira pa mafamu a m'dera lomwelo, amene tonse tinkawatcha Oom, ndiko kunena kuti malume. Iwowa anali ndi mphuno imene sindinaionenso mwa munthu wina, koma vinyo sankameza. Ankalawa, n'kulavula m'ngalande, n'kutsuka m'kamwa ndi madzi. Nditawafunsa chifukwa, anandiuza za chizolowezi chakale cha mafamu a ku Cape chotchedwa dop, cholipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo wotsika, kuwamwetsa kangapo pa tsiku kuyambira m'mawa. Lamulo linaletsa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma pa mafamu ena zinapitirira kufikira m'ma 1990. Oom anayamba kulandira chikho chawo akali mnyamata. Bambo awo anafa nacho, ndipo iwo eni ake anachisiya atakwanitsa zaka makumi anayi, atavutika koopsa. Anthu a m'deralo sanaiwale za kale lawo, ndipo Oom ankadziwa kuti sanaiwale. Pamene muona botolo lokongola pa tebulo, mudziwe kuti mbiri ya vinyo wa ku Cape ili ndi mbali imeneyinso.

Migolo yathu inasanjikidwa mizere iwiri, wina pamwamba pa unzake, ndipo umodzi unali pangodya, pansi pa denga penipeni, pamene munthu ankafika atakwera makwerero ndi kukwawa chamimba pa migolo ina, jagi ili m'manja. Mwezi wa Seputembala bondo langa linatupa. Tsiku lina, nditadzaza migolo 13, ndinayang'ana wa pangodya uja ndi kunena mumtima kuti, sabata imodzi siipha vinyo. Ndinatambasula dzanja ndili pa makwerero, n'kulemba tsiku ndi choko pa mutu wa mgolowo, pakuti choko chinkafika pamene jagi sinkafika. Sabata yotsatira ndinachitanso chimodzimodzi, ndipo sabata yachitatu sindinadzifunsenso. Bondo linachira, koma chizolowezi chinatsala. Chimene sindinadziwe ndi chakuti nyengo itayamba kufunda, kuwira kwachiwiri kunadzukanso m'mgolomo, mpweya wake n'kukankha chitsekero, chimene chinagwera kuseri kwa khoma. Mgolo unakhala chiyasamire masabata asanu ndi atatu, tintchentche ta zipatso tikulowa ndi kutuluka.

Chakumapeto kwa Novembala linafika tsiku lolawa migolo yonse, kuti mayi aja asankhe kasakanizidwe kake tisanathire m'mabotolo. Matambula 14 anandandalikidwa pa tebulo. Oom ndiwo anakwera kukatunga wa pangodya, ndipo potsika nkhope yawo inali itagwa. Matambula 13 anali a maonekedwe a udzu wouma uja. La 14 linali lofiirira ngati tiyi wosalowa. Mayi aja ananunkhiza, naika pansi, napatsa Oom, ndipo Oom anapatsa ine. Linkanunkha ngati apozi lovunda, ndi ukali wa viniga wolasa kumphuno. Mayi aja anakwera okha makwerero, ngakhale anali achikulire, nawerenga masiku a choko, onse olembedwa bwinobwino popanda kudumpha. Atatsika anangoti, "Malita 228. Mabotolo 300." Sanakalipe. Anayang'ana Oom, pakuti iwo ndiwo anali kapitawo wa nyumbayo ndi osunga kiyi, natuluka.

Madzulo ake ndinamva anzanga awiri akunong'onezana kuseri kwa nyumba zathu kuti mkulu uja wayambiranso, ndipo kuti ankakatunga usiku pa mgolo wobisika kuti asaonedwe, n'kuiwala kutseka. Nkhaniyo inkamveka yoona, ndipo inkandipulumutsa. Chokocho chinali mboni yanga. Ndinali mlendo m'dziko la eni, ndi ana awiri pa sukulu kwathu, ndipo chaka chimenecho chinali cha chilala, pamene mafamu ambiri ankachepetsa antchito. Ndikanama ndikanena kuti ndinadzuka nthawi yomweyo kukaulula. Ndinagona chagada usiku wonse ndi kuwerenga malata a denga, ndikufunafuna njira yakuti Oom asavutike popanda ine kuvutika, ndipo njira yotero sindinaipeze. Chimene chinanditulutsa m'nyumba m'mawa mwake sichinali kulimba mtima. Ndinaona Oom akutsuka matambula aja pa mpopi, limodzilimodzi, osayang'ana munthu, monga achitira munthu amene waweruzidwa kale kambirimbiri.

Ndinawapeza mayi aja m'khitchini ndi kuwauza zonse ndili chiimire. Anandimvetsera kufikira ndinatha, ndipo anandifunsa funso limodzi: "Bwanji sunanene kuti bondo likupweteka?" Ndinasowa choyankha. Anaitana antchito onse, nandiuza kuti ndibwereze mawu anga pamaso pawo, ndipo kumeneko kunandiwawa koposa kuchotsedwa ntchito. Sanandichotse. Anandimana mphatso ya Khirisimasi ya chaka chimenecho, ndipo ntchito yodzaza migolo anaisiya m'manja mwanga momwemo, koma choko anachitaya. Kuyambira pamenepo Oom ankagogoda mgolo uliwonse ndi nkhonya, pakuti mgolo wodzala ndi woperewera salira mofanana. Oom sananene kanthu kwa ine masiku atatu. Tsiku lachinayi anandiitana kuti tisunthe migolo, ndipo wa pangodya tinautsitsa ndi kuutulutsa kunja, kutali ndi inzake, kuti usawapatsire matenda. Vinyo wake tinamusiya kuti asase kotheratu, nakhala viniga amene tinadyera saladi zaka ziwiri.

Za kudya kumene kuyenerana ndi vinyo ameneyu ndinaziphunzira pa tebulo la mayi omwewo, pa chakudya chimene ankatikonzera tikatha kuthira m'mabotolo. Iwo ankati vinyo wa m'fuliji atulutsidwe kanthawi asanamwedwe, pakuti akazizira kwambiri amatseka pakamwa ngati mwana wamanyazi. Madigiri 11 kapena 12 ndiwo abwino. Lamulo lawo linali lakuti kulemera kwa chakudya kulingane ndi kulemera kwa vinyo. Chardonnay wopepuka, wosalowa m'mgolo, wonga wa ku Chablis, ayenerana ndi nkhono za m'nyanja zosaphika ndi nsomba yofinyira ndimu. Wathu uja, wokhala miyezi khumi pa nsenga, ankafuna zonona: nkhuku yootcha ndi khungu lake, nsomba yokazinga m'batala, maungu ootcha, bowa wa msuzi wa mkaka, ndi tchizi wouma pang'ono wonga Comté. Kuwawasa kwa vinyo kumatsuka mafuta pa lilime, ndipo mafutawo amafewetsa kuwawasa, kotero kuti nthongo iliyonse imakoma ngati yoyamba. Zimene sagwirizana nazo ndi zotsekemera, zimene zimamusandutsa wowawa, msuzi wa matimati ambiri, ndi tsabola. Tsiku limenelo Oom anakhala nafe ndi tambula lawo la madzi, ananunkhiza la ine, nati mgolo wachisanu ndi chiwiri ukumveka pamwamba pa inzake. Ndipo mayi aja atayang'ana m'buku lawo anavomera kuti ndiwo anauthira wonse.

Pobwerera kwathu mu 2018, mayi aja anandipatsa mabotolo awiri a chaka chomwecho cha 2016, ochokera m'migolo 13 yotsala ija. Ndinawakulunga m'mabulangete ndi kuyenda nawo pa basi masiku atatu, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndikuopa kutentha koposa kuopa a kasitomu. Limodzi ndinalitsegula kunyanja, kwa alamu anga, titaliziziritsa m'ndowa ya madzi a pachitsime. Mlongo wanga anaotcha chambo pa makala, naphika nsima ndi nkhwani wotendera. Ndinadziwa kuti chambo chidzayenerana naye, pakuti mnofu wake ndi woyera ndi wofewa, ndipo utsi wa makala unakumana bwino ndi kafungo ka thabwa kaja. Chimene sindinayembekeze ndi nkhwani: nsinjiro zinatulutsa mwa vinyo fungo la mtedza limene ku Hermanus ndinkangolimva patalipatali. Ndinalakalaka Oom akanakhalapo kuti anunkhize.

Alamu anga, amene sadya kanthu popanda kambuzi, anapsinya tsabola awiri pa nsomba yawo ndisanawaletse, namwa, nakwinya nkhope, nati, "Alamu, zaka zinayi zonsezi munkasamala zimenezi?" Ndinawapempha kuti adye nsima yokha mbamu zitatu, amwe madzi, kenaka alawenso ndi nsomba ya m'mbale yanga. Anachita monga ndinanena, natafuna nthawi yaitali, nayang'ana m'tambula. Sanayamike ndi pakamwa, koma anakankhira mbale ya tsabola kwa ana, nasendeza tambula lawo kufupi ndi botolo.